Mazenera a Chalichi ca ku Chartres ndi Nkhani Zace

M'dziko la France, mailosi ngati 50 kucokera ku Paris kulinga kumwera ca kumadzulo, muli mudzi wochedwa Chartres. Dziko lozungulira mudziwo ndi cidikha ca minda ya tirigu, ndipo wapaulendo amayamba kuona nsanja ziwiri za chalichi cace asanaone nyumba ina iriyonse. Chalichico ciri ndi mazenera 176 a magalasi a mitundumitundu, ndipo ambiri a iwo anaikidwa pakati pa caka ca 1205 ndi ca 1240. Akadati awayale pansi onse pamodzi, akadaphimba malo oposa limodzi la magawo atatu a bwalo la mpira. Palibe chalichi cina cimene casunga magalasi ocuruka cotere a nyengo imeneyo.

Mbiri ya mazenerawa iyenera aphunzitsi makamaka, pakuti amene anawapanga anali ndi bvuto limene mphunzitsi wa kumudzi alidziwa bwino: ofuna kuphunzira ambiri, mabuku ocepa. Masiku amenewo makina osindikiza mabuku anali asanaoneke ku Ulaya. Buku Lopatulika analikulilemba pamanja, pa zikopa, m'Cilatini, cinenero cimene mlimi ndi mkazi wace sanacimva. Tsono nkhani za m'Bukumo anazilemba ndi galasi, nazikweza pa makoma kuti dzuwa liziwalitse.

Moto wa caka ca 1194

Pamalo pamene paima chalichi ca lero panali machalichi ena kale, ndipo moto unawaononga kangapo. Cotsiriza ca iwo cinamangidwa ndi Bishopu Fulbert, cinzace citapsa m'caka ca 1020. Fulbert anali mphunzitsi asanakhale bishopu, ndipo sukulu ya pa chalichi cace inamveka m'maiko ambiri. Koma cimene cinakokera makamu a alendo ku Chartres sicinali sukulu ai. Cinali nsaru yakale imene Mfumu Charles, mdzukulu wa Charlemagne, anapereka m'caka ca 876, ndipo anthu anakhulupirira kuti inali cobvala ca Mariya, amace a Yesu. Alendo anafika pa masiku a madyerero, ndipo pa masiku omwewo panali misika yaikuru. Motero moyo wa ogulitsa nsaru, ophika mkate ndi eni nyumba za alendo unatsamira pa chalichi.

Usiku wa pa 10 Juni 1194 moto unabuka, nutentha mbali yaikuru ya mudzi pamodzi ndi chalichi. Kunatsala cipinda ca pansi pa nthaka, khoma la kumadzulo ndi nsanja zace, ndi magalasi owerengeka. Anthu anataya mtima, poyesa kuti nsaru ija yapsa ndi kuti alendo sadzabweranso. Olemba a nthawi imeneyo asimba kuti pa tsiku lacitatu, Kardinala Melior, nthumwi ya Papa, ali cilankhulire ndi khamu, ansembe anaturukira atanyamula nsaruyo. Anali atathawira nayo m'cipinda ca pansi cija, natseka citseko ca citsulo, nakhala momwemo kufikira moto unazima. Pamenepo mitima inabwerera m'malo. Bishopu ndi ansembe analonjeza kupereka gawo lalikuru la cuma cao kwa zaka zitatu, ndipo nchito inayambika. Miyala anaikumba ku Berchères, mailosi owerengeka kucokera m'mudzi. Pofika caka ca 1220 denga la miyala linali litatsekedwa, ndipo chalichi cinapatulidwa m'mwezi wa Okotobala 1260.

Omanga atsopanowo anacita cinthu cimene cinapatsa malo magalasi. M'machalichi akale makoma anali ocindikala ndi mazenera ang'ono, cifukwa khoma ndilo linasenza denga lonse. Ku Chartres anaimika zipilala kunja kwa nyumba, zocirikiza makoma kumtunda monga mphanda icirikiza nkhokwe yolemera. Kulemera kwa denga, limene liri mapazi ngati 120 kucokera pansi, kunatsikira m'zipilalazo, ndipo khoma linamasuka kuti alibooleboole.

Mapangidwe a galasi

Njira ya amisiri aja idziwika cifukwa mmonke wina wochedwa Theophilus anailemba m'buku lace ca m'ma 1120. Anatenga miyeso iwiri ya phulusa la mitengo ndi muyeso umodzi wa mcenga wotsuka bwino, nazisungunula m'ng'anjo. Mmisiri anatapa galasi losungunukalo ndi bango la citsulo, nauzira mpweya kufikira linafufuma ngati cikhodzodzo, ndipo analing'amba, nalitenthanso, naliyala kuti likhale lathyathyathya.

Mtundu wa galasi sunali utoto wopaka pamwamba. Unalowa m'kati mwace liri losungunuka, ndipo cifukwa cace sufafanizika. Kobalti anapatsa mtundu wa buluu, wonga thambo la mwezi wa Meyi. Mkuwa unapatsa kufiira ndi kubiriwira. Miyala ya mitundu iwiriyi ndi yomwe amakumba ku Migodi m'Zambia muno, ngakhale amisiri a ku Chartres anaipeza kwina. Galasi lofiira linali ndi bvuto lace, pakuti likacindikala dzuwa silipyola. Cotero anaika kufiira kopyapyala m'galasi loyera.

Cithunzi conse anayamba kucilemba pa thabwa lopakidwa njereza. Anaika galasi pamwamba pa cithunzico, nalidula ndi citsulo camoto, nasadzula m'mbali mwace ndi kacitsulo kokhota. Zidutswa zambiri sizinapose cikhato ca munthu. Maso, tsitsi ndi makwinya a zobvala anazilemba ndi utoto wakuda wa dzimbiri losanganiza ndi galasi lopera, natenthanso cidutswaco kuti utoto umamatire. Potsiriza analumikiza zidutswa ndi timizere ta mtovu tokhala ndi ngalande mbali zonse ziwiri, namangirira zonse pa mipiringidzo ya citsulo. Zenera limodzi linafuna zidutswa zikwi.

Magalasi amene anapulumuka

Pamwamba pa makomo a kumadzulo pali mazenera atatu a ca m'ma 1150, amene moto sunawakhudze. La pakati lisimba za kubadwa kwa Yesu ndi moyo wace, lina za masautso ndi kuuka kwace, ndipo lacitatu ndilo Mtengo wa Jese, locokera pa mau a Yesaya, mutu 11. Pansi pa zenera Jese, atate wa Davide, wagona tulo, ndipo m'thupi mwace mwaphuka mtengo. Pa thunthu lace pakhala mafumu anai, wina pamwamba pa mnzace, pamenepo Mariya, ndi pansonga Kristu, atazingidwa ndi nkhunda zisanu ndi ziwiri, zophiphiritsa mphatso za Mzimu. M'mbali mwaima aneneri 14. Mwana amene amalephera kuloweza maina a m'mutu woyamba wa Mateyu akaona mtengo uwu azindikira msanga, pakuti kuwerenga makolo kucokera ku tsinde ndi cinthu cimene pfuko liri lonse licidziwa.

Cinapulumukanso cithunzi ca Mariya atafungata Mwana, ca m'ma 1180, cimene Afalansa acicha Notre-Dame de la Belle Verrière. Amisiri atsopano sanacitaye ngakhale cinali ca mapangidwe akale. Anaciika pakati pa zenera latsopano, nacizinga ndi angelo. Buluu wa cobvala cace wakana mvula ndi cisanu koposa mitundu ina, ndipo ndiye wachukitsa dzina la Chartres pakati pa amisiri a magalasi.

Zenera la Msamariya

Mazenera a m'munsi, amene munthu atha kuwaona bwino ataima pansi, ndiwo ali ndi nkhani zazitali. Kawirikawiri amawerengedwa kuyambira pansi kukwera kumwamba, ndi kuyambira kumanzere kunka kumanja. Pali la Nowa, la Yosefe, la Mwana Wolowerera, ndi ambiri a oyera mtima. Koma limene lionetsa bwino nzeru za aphunzitsi a masiku aja ndi la Msamariya Wacifundo, liri m'mbali ya kumwera, lopangidwa pakati pa 1205 ndi 1215, la zithunzi 24.

Theka la pansi litsata fanizo la pa Luka, mutu 10. Yesu aoneka ali kuphunzitsa. Munthu aturuka pa cipata ca Yerusalemu. Acifwamba ambisalira m'thengo, ambvula zobvala, namkwapula. Wansembe ndi Mlevi aima pafupi ndi wobvulalayo, osamkhudza. Msamariya amanga mabala ace, amkweza pa nyama yace, napita naye kwa mwini nyumba ya alendo, namsamalira komweko. Kufikira apa mwana wa sukulu ali yense amene anamva fanizoli angathe kulondola ndi cala.

Koma pokweza maso apeza nkhani yina. Mulungu alenga Adamu, namuuzira mpweya, alenga Hava, awacenjeza za mtengo. Njoka inyenga, adya cipatso, mngelo awaingitsa m'munda. Adamu alima, Hava apota thonje, ndipo Kaini akantha Abele. Pansonga peni peni pakhala Kristu mu ulemerero. Nanga Genesis alowa bwanji m'fanizo la Luka?

Yankho liri m'mamasuliridwe a aphunzitsi akale a Mpingo, monga Origen ndi Augustine wa ku Hippo, onse awiri a ku Afrika. Iwo anaphunzitsa kuti munthu wotsika ku Yerusalemu ndiye Adamu, ndiko kuti mtundu wonse wa anthu, wocoka m'munda wa mtendere. Acifwamba ndiwo Satana ndi mayesero ace, amene anambvula ulemerero wace namsiya ali pafupi kufa. Wansembe ndi Mlevi ndiwo cilamulo cakale, cimene ciona bala koma sicitha kulipoletsa. Msamariya, mlendo wonyozeka, ndiye Kristu; nyumba ya alendo ndiyo Mpingo; ndipo lonjezo la Msamariya lakuti adzabweranso linena za kudza kwaciwiri kwa Ambuye. Cifukwa cace mmisiri anapatsa Msamariya nkhope yofanana ndi ya Kristu. Munthu wobvulidwa m'theka la pansi ayang'anizana ndi Adamu wamarisece m'theka la pamwamba, ndipo nkhani iri yonse imasulira inzace.

Mamasuliridwe awa sacotsa phunziro loonekeratu la fanizoli, lakuti mnansi ndiye amene acita cifundo, angakhale wa mtundu wina. Koma aonetsa kuti opanga zenera sanayese anthu osawerenga ngati ana oyenera phala lokha. Anawaikira pamaso cakudya colimba, ca maphunziro a m'sukulu zao zazikuru.

Amisiri pansi pa mazenera

Pansi peni peni pa zenera la Msamariya pali zithunzi zitatu zosacokera m'Buku Lopatulika. Ndi osoka nsapato: wina adula cikopa, ena asoka, ndipo ena apereka zenera lao. Momwemonso pansi pa Nowa pali amisiri a matabwa, opanga mikombero ya ngolo ndi opanga migolo. Pansi pa Yosefe pali osintha ndarama ndi miyeso yao. Pansi pa Mariya wa Magadala pali otunga madzi. Ophika mkate, ogulitsa nyama, oomba nsaru ndi osema miyala onse alipo. Mazenera oposa 40 ali ndi zithunzi zotere, ndipo mwa izo anthu a lero adziwa zipangizo ndi zobvala za anchito a zaka 800 zapitazo.

Kuyambira kale anthu amanena kuti magulu a amisiriwa ndiwo anasonkha ndarama za mazenerawo. Akatswiri ena a mbiri akumbutsa kuti pakati pa ansembe ndi eni mudzi sipanali mtendere masiku onse: m'caka ca 1210 khamu la anthu linaukira nyumba ya mkuru wa ansembe, naifunkha. Cotero iwo ayesa kuti zithunzizo zionetsanso mudzi monga ansembe anafuna kuti ukhale. Ngakhale ziri conco, cinthu cimodzi cioneka ndi maso. Mafumu ndi akalonga anapereka mazenera ao, monga lozungulira lalikuru la kumpoto, mphatso ya Mfumukazi Blanche wa ku Castile. Koma ao ali kutali m'mwamba. Cimene ciri pafupi ndi maso a munthu wolowa m'chalichi ndi dzanja la wosoka nsapato ndi nsompho ya mmisiri wa matabwa. Ana a sukulu amene ayesa khasu ndi nchito ya manja cinthu ca manyazi ayenera kumva zimenezi.

Pa mapewa a aneneri

Kumwera, pansi pa zenera lozungulira, pali mazenera asanu aatali, mphatso ya banja la Pierre Mauclerc wa ku Brittany. La pakati liri ndi Mariya ndi Mwana. M'anai otsalawo muli cinthu cimene cimadabwitsa alendo: amuna anai akuru msinkhu, ali yense atasenza munthu pa mapewa monga atate asenza mwana powoloka mtsinje. Yeremiya wasenza Luka, Yesaya wasenza Mateyu, Ezekieli wasenza Yohane, ndi Danieli wasenza Marko. Tanthauzo lace ndi lakuti alembi a Uthenga Wabwino anaona patali koposa aneneri, pakuti anaona Mesiya. Koma anatero cifukwa aneneri anawakweza.

Ganizo lotere linali lodziwika ku Chartres zenera lisanapangidwe. Zaka ngati 100 m'mbuyo mwace, sukulu ya pa chalichi inali ndi mphunzitsi wochuka dzina lace Bernard. John wa ku Salisbury, amene anakhala bishopu wa Chartres kuyambira 1176 kufikira 1180, analemba kuti Bernard anafanizira anthu a masiku ace ndi akafupi okhala pa mapewa a zimphona, amene aona kutali, si cifukwa ca maso ao akuthwa, koma cifukwa ca msinkhu wa owasenza. Mphunzitsi wacinyamata wocokera kumene ku koleji, pofika m'mudzi mwa akuruakuru osadziwa kulemba, acita bwino kusunga fanizo limeneli mumtima.

Masoka a m'zaka zotsatira

Galasi ndi cinthu cosacedwa kusweka, ndipo adani ace sanali acilendo okha. M'zaka za m'ma 1700 ansembe a chalichi comweco anacotsa mazenera ena a pafupi ndi guwa, naikamo magalasi oyera, cifukwa anafuna kuunika kocuruka ndipo anayesa nchito ya makolo ao yacikale. Ambiri a magalasi amenewo anatayika. M'caka ca 1836 moto unatentha mitengo yonse ya tsindwi, koma denga la miyala linaucinga, ndipo mazenera anapulumuka. Tsindwi latsopano analimanga ndi zitsulo, nalifolera ndi mkuwa.

M'caka ca 1918 magalasi anatsitsidwa poopa mabomba. M'caka ca 1939, pa ciyambi ca nkhondo yaciwiri, anawatsitsanso, nawalonga m'mabokosi. Ena anawasunga m'cipinda ca pansi cija cimene cinabisa ansembe m'caka ca 1194. Ena, m'caka ca 1940, anawatumiza kumwera, nawabisa m'mapanga okumbamo miyala ku Fongrenon, m'cigawo ca Dordogne.

Pa 16 Ogasiti 1944 asilikari a Amereka anayandikira mudzi, ndipo kunamveka kuti Ajeremani ali m'nsanja za chalichi kuzonda adani ao. Lamulo linaperekedwa lakuti aombere nsanjazo ndi mizinga. Mkuru wina wa asilikari, Welborn Griffith, anapempha kuti ayambe wapita kukaona yekha. Analowa m'mudzi ndi msilikari mmodzi, nakwera m'nsanja, napeza mulibe munthu. Lamulo lija linabwezedwa. Tsiku lomwelo Griffith anaphedwa pa nkhondo m'kamudzi ka Lèves, pafupi ndi Chartres. Nkhondo itatha magalasi anabwezedwa m'malo mwao.

Luso la magalasi silinafe m'mudzimo. M'caka ca 1946 mmisiri Gabriel Loire anayamba nchito yace ku Chartres, ndipo pambuyo pace anamanga nyumba yace yogwiriramo ku Lèves komweko. Zenera lalikuru la kumadzulo m'chalichi ca St George ku Cape Town ndi nchito ya manja ace. M'caka ca 1979 bungwe la UNESCO linalemba chalichi ca ku Chartres pa mndandanda wa cuma ca anthu a maiko onse.

Cithunzi ndi mphunzitsi

Ca m'ma 600 Papa Gregory Wamkuru analembera bishopu wa ku Marseille, amene anaphwanya zithunzi za m'chalichi, namuuza kuti cimene malembo acitira owerenga, cithunzi cicitira osawerenga. Kucokera pamenepo ambiri acha mazenera otere Buku Lopatulika la osauka. Dzinali liri ndi coonadi, koma si conse. Mlimi wosamva konse fanizo la Msamariya akadaona munthu wokwapulidwa ndi nyama yosenza wodwala, osadziwa kuti ndani. Ndipo ngakhale wodziwa fanizolo sakadazindikira yekha cifukwa cace Adamu waima pamwamba pace. Panafunika munthu woima pambali pace, woloza ndi cala, wosimba m'cinenero ca kwao. Zenera linautsa funso, nilisunga yankho m'cikumbumtima; koma woyankha anali mphunzitsi.

Sukulu ya kumudzi iribe kobalti kapena mtovu, koma iri ndi bolodi ndi coko, ndipo pamene coko catha pali makala ndi mcenga wa pabwalo. Mphunzitsi angathe kugawa bolodi pakati, nalemba m'munsi zithunzi zinai za pa njira ya ku Yeriko, ndi pamwamba zinai za m'munda wa Edene, ciri conse pamwamba pa cinzace. Asafulumire kumasulira. Ayambe wafunsa ana cimene aona, ndi cifukwa cace wobvulidwa zobvala ali pansi pa woingitsidwa m'munda. Ndipo m'mphepete mwa pansi, pamene ku Chartres pali osoka nsapato, alole mwana ali yense alembe nchito ya atate wace kapena ya amai wace: khasu, mtondo, ukonde kapena nyundo ya wosula.